Tsiku Limene Vitus Anathena Masitiroberi

Aise, iwe amene ukuwerenga uli pamzere kuchigayo, ndakuona. Nawenso wabisa foni pansi pa desiki kuofesi, ndakuona. Khala bwino, lero ndabwera ndi ya Vitus, koma ukaseka mokweza abwana n'kukumva usanditchule ine.

Kwa amene mwangotipeza: Vitus ndi mnyamata wa ku Phalombe, mwana wa matenanti pa esiteti ina ya fodya cha kwa Mkanda. Anabadwira m'fodya, anakulira m'fodya, ngakhale asambe sopo wonunkhira bwanji ukamuyandikira umamvabe kafungo ka chigafa. Stelia ndi mwana wa a Kefasi, eni dimba la m'mbali mwa mtsinje kuseri kwa esitetiyo. Awiriwa amakondana moti ngakhale mbuzi za m'mudzimo zikudziwa. A Kefasi okha ndi amene safuna kumva. Mawu awo ndi amodzimodzi chaka chonse: "Tenanti ndi mbalame ya dzinja. Fodya akatha yauluka, iwe n'kutsala ndi nthenga."

Tiyeni tilowe m'dimba.

*

Mmawa umenewo kunkazizira, kuja kwa Julaye kolowa mpaka m'mano. Stelia anali atagwada pabedi la masitiroberi akukonza udzu wophimbira, Vitus ataima pambali ndi makheni awiri ngati waganyu wosalipidwa.

"Usathire pamasamba, iwe," anatero Stelia osatembenuka. "Thira pansi. Si fodya wako ameneyu."

"Fodya wanga wakulakwira chani?"

"Amanunkha."

"Koma mwini wake umamukonda."

"Ndikuganizabe."

Vitus anaseka n'kuyika kheni pansi. Mabedi onse anali mbuu ndi timaluwa toyera, pena ndi pena timatumba tobiriwira titayamba kale. Iye masitiroberi anali asanawaonepo ali pamtengo wake. Ankangowadziwa pachithunzi cha pabotolo la yogati.

"Koma zinthu zimenezi kwawo n'kuti?" anafunsa.

"Izi za m'dimba muno kwawo ndi ku Zomba. Amayi anabwera nazo m'kachitini atakwatiwa ndi ababa. Iwo ali mtsikana ankagulitsa nkandankhuku m'mbali mwa msewu wokwera phiri, tizipatso tamtchire tija taminga, kenako anaphunzira kulima awa. Mbewu yake ndi yomweyo mpaka lero. Ukuona chingwe ichi?" Ananyamula kamphukira kataliko kokwawa pansi, kumapeto kwake kuli timasamba. "Mayi amatulutsa chingwe, mwana amakakhala apo, akagwira mizu timadula. Ndiye zonsezi ndi zidzukulu za m'chitini muja."

"Nanga asanafike ku Zomba?"

"Ndinawerenga pafoni. Akuluakuluwa kale kunalibe, kunali amtchire okha. Ndiye anthu ena anatenga mtundu wina ku Chile, ena mtundu wina kumpoto kwa America, n'kukaibzala moyandikana m'minda ya ku France. Njuchi zinachita zake. Mwana wake ndi uyu."

Vitus anaganiza kaye. "Ndiye kuti onse awiri anali matenanti?"

"Pamunda wa eni."

"Ndipo kunalibe a Kefasi owaletsa?"

Stelia anamugenda ndi chibuma, koma akuseka. Kenako nkhope inasintha, anapukuta manja pachitenje.

"Tamvera, Vi. Chimwalirire amayi, ababa salowa m'dimba muno. Amalowa kamodzi pachaka, tsiku limene amayi anatisiya. Amabwera ndi mbale ya amayi ija yamaluwa, amathyola okha zipatso zoyamba, timadya tonse. Tsiku limenelo mtima wawo umakhala wofewa ngati papaya. Chaka chatha anakhululukira ngakhale munthu amene ng'ombe zake zinatidyera chimanga. Ndikufuna ubwere tsiku limenelo. Ndidzawauza."

"Akadzandithamangitsa?"

"Mbale ikadzadza sangakuthamangitse. Koma mawa ndikupita ku Chipata, azakhali awagoneka kuchipatala, ndikawadikirire. Ababa akudziwa kuti azithirira ndi msuweni wanga Dyna, koma Dyna ndi ulesi ndi pachibale. Uzithirira ndiwe. Kuthirira kokha, wamva?"

"Ndamva, bwana."

Aise, sunga mawu amenewo. Kuthirira kokha.

*

Mawa lake Vitus anamuperekeza Stelia pakabaza mpaka pa Kamwendo. Stelia atangokwera minibasi, kunamveka njinga yamoto, vuuum, n'kuima pafupi ndi phazi la Vitus moti fumbi linamulowa m'sokosi.

Anali Gerald. Gerald ali ndi shopu ya zipangizo za mafoni pa Kamwendo pomwepo, amavala magalasi akuda ngakhale kukuchita mitambo, ndipo wakhala akumufunsira Stelia kuyambira kalekale. A Kefasi amamukonda chifukwa agogo ake a agogo ake anaikidwa m'dera lomwelo.

"Ste!" anakuwa pazenera la minibasi. "Bwanji osandiuza? Ndikanakusiya paboda ine, osati kudzipanikiza ndi matumba a mtedza."

"Zikomo a Gerald, ndakwera kale."

Minibasi itanyamuka, Gerald anatsitsa magalasi pang'ono n'kumuyang'ana Vitus kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene a fodya. Simunapitebe kwanu? Ndamva mabelo omaliza apita kale ku okushoni."

"Tilipo."

"Muzikhala mukupakira. Mtsikana uja ndi wa masitiroberi, mukudziwa? Zinthu zofuna munthu wozidziwa. Si zongokwinya n'kumanga mtolo ayi."

Ananyamuka, vuuum. Vitus anatsala akukukuta mano. Njira yonse yobwerera mawu aja ankangolira m'mutu ngati udzudzu. Munthu wozidziwa. Iyeyo Vitus, amene anayamba kugwira khasu asanayambe kuvala nsapato, auzidwe za ulimi ndi munthu wogulitsa machaja?

*

Masiku oyamba anathirira bwinobwino. Pansi, osati pamasamba. Koma tsiku lina atamaliza anakhala pamphepete pa bedi n'kumayang'ana timaluwa tija, ndipo mzimu wa fodya unamulowa.

Muyenera kumumvetsa mwanayu. Kuesiteti, duwa ndi mdani. Fodya akangoti watulutsa maluwa, kapitawo amakuwa ngati kwagwa moto, aliyense m'munda kukathena, kubudula nsonga ndi maluwa onse kuti mphamvu zibwerere m'masamba. Tenanti wosiya maluwa pafodya ndi waulesi, amasekedwa mpaka kuchitsime. Vitus chibadwire anali asanaonepo mlimi wolongosoka akusekerera duwa.

"Mwanayu ntchito yamuchulukira," anadziyankhulira. "Munda wonse osathena? N'chifukwa chake timitengo take n'tatifupi chonchi."

Anapinda malaya.

Abale, Vitus ndi katswiri. Manja ake pothena fodya amathamanga ngati a mayi wosankha nyemba. Bedi loyamba, psiti. Lachiwiri, psiti. Anafika patimatumba tobiriwira tija, anatiyang'ana, n'kugwedeza mutu: "Izi ndiye njere zayamba kale, zimadya mphamvu koopsa." Anabudula. Dzuwa lisanafike pamutu dimba lonse linali lobiriwira bwino, lopanda kadontho koyera ngakhale kamodzi, ndipo pakona panali mulu wa maluwa wofika m'bondo.

Ndiye poti satana sagona, anatulutsa foni. Anajambula muluwo, iye ataima pambali chala chachikulu m'mwamba, n'kuponya pa sitetasi ya Watsapu: *Ena amangolankhula, ife timagwira. Munthu wozidziwa.*

Sipanatenge nthawi foni inanjenjemera. Stelia.

*Vi, chimenecho n'chani?*

*Saprayizi bebi. Ndakuthenera dimba lonse.*

*Wandichitira chani?*

*Kuthena. Uona mmene akulire masamba.*

Pamwamba pankangolemba kuti akulemba, n'kusiya, akulemba, n'kusiya. Kenako unabwera uthenga wamawu. Vitus anauika pakhutu akumwetulira.

"Vitus. Masitiroberi sitidya masamba."

Basi. Uthenga wonse unali umenewo.

Vitus anayang'ana mulu uja. Anayang'ana mabedi. Anatola kaduwa kamodzi n'kuyesa kukabwezera pamtengo wake, ngati kuti kagwira. Anathamangira kufufuta sitetasi, koma pamndandanda wa amene aiona, dzina loyamba linali la Gerald.

*

Stelia anabwerako azakhali atatuluka m'chipatala. Sanapite kunyumba, anatsikira kudimba ndi chikwama chake. Vitus anali pomwepo, wakhala akubwera mmawa ndi madzulo kudzathirira ngati madzi angafulumizitse chikhululuko.

Mtsikana anayenda bedi ndi bedi. Anagwada, anatsegula masamba, anatseka. Atadzuka maso anali atafiira.

"Ste, ine ndimafuna..."

"Ndinati chani?"

"Kuthirira kokha."

"Nanga manja akowo anamva chani?"

"Atulutsanso ena. Taona, apa tayamba kale timaluwa."

"Atulutsa, inde. Koma duwa kuti likhale chipatso chofiira pamafunika mwezi wathunthu, ndipo tsiku la amayi ndi Lamlungu likubwerali. Ababa adzalowa muno ndi mbale, adzathyola chani? Masamba? Tidzawatendera?"

Vitus anafuna kuseka, koma anaona kuti akaseka afa.

"Ndidzawauza kuti ndine."

"Eya, udzawauze. 'Moni bambo, ndine tenanti uja mumamukana, ndathena dimba la malemu akazi anu, ndipatseni mwana wanu.' Udzanene chonchotu."

Asanayankhe, vuuum. Gerald anaimika njinga kumpanda n'kulowa ngati kwawo, magalasi ali pamphumi.

"Pepa Ste, ndinaona zimene zinachitika. Mtima unandiwawa." Anagwira pachifuwa, mbali yolakwika. "Koma usadandaule. Loweruka ndikupita ku Lilongwe kukaoda katundu. M'mashopu akuluakulu amagulitsa masitiroberi m'timabokosi, akuluakulu ngati mazira. Ndibweretsa, tidzawaika pansi pa masamba mmawa. Madala maso ndi akale, adzangotola."

"Ababa sindingawanamize pa tsiku la amayi," anatero Stelia.

"Si bodza, ndi chithandizo."

"Ndati ayi, a Gerald. Zikomo." Anatembenukira kwa Vitus. "Nawenso pita. Lamlungu usabwere. Ndiona ndekha chonena."

"Ste..."

"Pita, Vitus."

Akakutchula dzina lonse mtsikana amene amakutchula Vi, umangonyamula kheni yako.

*

Masiku otsatira Vitus analemba mauthenga ambirimbiri. *Wadzuka bwanji.* Zii. *Ndalota ukundimenya ndi kheni, ndadzuka ndikusangalala poti unandiyandikira.* Zii. *Ndine chitsiru.* Apa yankho linabwera: *Ndikudziwa.* Anasangalala nalo tsiku lonse ngati wapambana mpikisano.

Koma mbale yopanda kanthu ija inkamuvutabe. Ankawaona m'maganizo a Kefasi ataima pakati pa dimba, nkhalamba yosalowamo chaka chonse, itanyamula mbale ya mkazi wake, ikuyang'ana uku ndi uku. Za ukwati anali atazitaya kale. Chimene chinkamuluma n'chakuti wawalanda bambo aja tsiku lawo limodzi lokhalo.

Ndiye anakumbukira mawu a Stelia. Amayi ali mtsikana ankagulitsa nkandankhuku.

Nkandankhuku ankazidziwa bwino. Kwawo m'mphepete mwa phiri ankadya ali mwana, tchire lake laminga yokowa ngati mbedza. Anafunsafunsa kwa anthu otola nkhuni, mayi wina anamuuza kuti kumapiri a cha kumalire, m'makhwawa momwe madzi saphwa, zimapezeka, koma nyengo ino n'zamwayi.

Loweruka m'mamawa anabwereka njinga ya bambo ake n'kuuyatsa.

Za ulendowo ndisakunamizeni, sindinapite nawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti anabwerako dzuwa likulowa, tayala lakumbuyo litaphwa, malaya atang'ambika paphewa, manja onse ali mikwingwirima ngati walimbana ndi amphaka a m'boma lonse. M'kachitini ka mkaka munali nkandankhuku zosadzaza n'komwe theka. Zina zofiira, zina zakuda, zambiri zazing'ono ngati maso a nkhuku.

Mayi ake atamuona anagwira pakamwa. "Mwana wanga, chikondi chimenechi chili ndi mano?"

*

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, a Kefasi anavala jekete lawo lakuda, ananyamula mbale yamaluwa, n'kutsetsereka kudimba. Stelia ankawatsatira pambuyo. Njira yonse ankati anene, n'kulephera. Vitus anali atabisala kuseri kwa nthochi kunja kwa mpanda, kachitini m'manja, akudzifunsa ngati alowe kapena athawire ku Zambia.

Pakhomo pa dimba a Kefasi ndi Stelia anapeza Gerald ataima kale, wavala shati yoyera, magalasi mthumba mwaulemu.

"Ndati ndidzakhale nanu pa tsiku lalikululi, bambo."

"Wachita bwino, mwana wanga."

A Kefasi anavula chipewa n'kulowa. Stelia anatseka maso. Atatsegula anangoti kakasi. Pansi pa masamba, bedi lonse loyamba, panali psuu, masitiroberi akuluakulu onyezimira. Anamuyang'ana Gerald. Gerald anatsinzinira diso limodzi.

Nkhalamba inawerama pang'onopang'ono, bondo likulira, n'kugwira chipatso choyamba. Chinangobwera chokha, osakoka. Anachiyang'ana. Anagwira chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu anachitembenuza, kunsi kwake kunali kataphwanyika ndi mabampu a njinga yamoto. Anachinunkhiza. Analuma pang'ono, mkati moyera ngati mbatata yosapsa.

"Stelia."

"Ababa."

"Chaka chino mbewu ya amayi ako yaphunzira kudzithyola yokha?"

A Kefasi anapatula masamba ndi ndodo yawo, n'kutulutsa kachivindikiro ka pulasitiki kokhala ndi kapepala ka mtengo, kamene Gerald anaiwala pothamanga.

"Ndipo ikumabereka ndi mtengo wake womwe. Zinthu zasintha."

"Bambo, ndilongosole," Gerald analowerera msangamsanga, foni ili kale m'manja, poti sitetasi ija anali ataisunga isanafufutidwe. "Ine ndimafuna kukupulumutsani ku manyazi. Onani amene anawononga dimba lanu. Tenanti uyu. Anajambula yekha, onani chala."

A Kefasi anaitalikitsa foni kumaso, anaiyandikitsa, anaitalikitsanso. "Munthu wozidziwa," anawerenga mokweza, liwu ndi liwu. "Ameneyu ali kuti?"

Nthochi zinagwedezeka. Vitus anatuluka, analowa m'dimba, n'kugwada pakanjira, chipewa pansi.

"Ndine, bambo. Dzina langa ndi Vitus. Stelia adandiuza kuti ndizithirira kokha. Ine ndidaona maluwa, ndiye poti kwathu kufodya duwa sitilisiya, ndidathena."

"Udathena."

"Eya, bambo."

"Masitiroberi a mkazi wanga."

"Onse, bambo. Ndi tobiriwira tomwe."

"Udasiyako ngakhale limodzi?"

"Ayi bambo. Ine ndikagwira ntchito sindisiya."

Stelia anabisa nkhope m'chitenje. Mapewa ankagwedezeka, koma ngati kunali kulira kapena kuseka, ngakhale mwini wake sakudziwa.

"Nanga m'chitinimo muli chani? Mankhwala oti umalizitse?"

Vitus anakwawa ndi mawondo n'kupereka ndi manja awiri. "Sizikufanana ndi zimene ndidawononga. Koma ndidamva kuti amayi adayambira izi. Ndimati mbale isabwerere yopanda kanthu."

A Kefasi anasuzumira m'chitini. Kenako anakhuthulira pansi masitiroberi a Gerald amene anali atawaika m'mbale, anapukuta mbale ndi mkono wa jekete, n'kutsanuliramo nkandankhuku. Sizinakwane n'komwe kubisa maluwa ojambulidwa pansi pa mbale. Anatola imodzi yakuda n'kuika mkamwa. Nkhope inakwinyika ndi kuwawasa, ndipo diso limodzi linachita madzi.

"Mkazi wanga Imelda adandigulitsa izi," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinkacheka matabwa ku Zomba nthawi imeneyo. Adandidulitsa mtengo poti ndinali mlendo. Mawa lake ndidapitanso, adandidulitsanso. Mwezi wonse malipiro anga adathera m'minga."

"Ndiye kuti inunso munali mlendo kwa eni, ababa?" anafunsa Stelia ndi mawu aulemu kwambiri, aulemu wokayikitsa.

"Iwe khala chete."

"Ndangofunsa."

"Wafunsa ngati amayi ako." Anatola ina. Kenako anayang'ana manja a Vitus, mikwingwirima ija, n'kuyendetsa maso m'mabedi. Pomwe Vitus anabudula maluwa, mbewu zinali zitapsa mtima n'kutulutsa zingwe mbali zonse, ana ali mbwee kufunafuna pogwira, ndipo pakati pa masamba timaluwa tatsopano tinali titayamba kusuzumira.

"Gerald, tola mazira akowa, ukadye ndi anzako ku shopu. Munthu wondinamiza m'dimba la mkazi wanga ndi woipa kuposa wondiwonongera." Gerald anatola, mutu uli pansi. "Iwe wozidziwa, dzuka."

Vitus anadzuka.

"Sindinakulole. Usamwetulire. Ukuona ana awa? Aliyense umukhazike pansi, umutsine ndi kamtengo agwire mizu. Chingwe sitidula mwana asanagwire. Uzithirira mmawa ndi madzulo, ndipo duwa ukalikhudza ndidzakuthena ndine. Zikadzapsa, udzadzaze mbale iyi, ubwere nayo pakhomo pamodzi ndi ankhoswe ako. Tidzakambirana. Koma ukangosowa m'dimba muno tsiku limodzi, ndidzadziwa kuti ndinkanena zoona za mbalame ya dzinja. Usadzabwerenso."

"Sindisowa, bambo. Ngakhale kugwe matalala."

A Kefasi anamupatsa nkandankhuku imodzi, Stelia imodzi, n'kunyamuka ndi mbale yawo, akudya m'njira.

*

A Kefasi atangokhota pakona, Stelia anamukoka Vitus khutu.

"Ndinati usabwere."

"Unanenanso kuti kuthirira kokha."

"Ndiye kusamva n'khalidwe lako?"

"Lero kwandithandiza."

Anamugwira dzanja n'kuliyang'ana, akudutsitsa chala pamikwingwirima. "Taona manja. Chitsiru changa. Ukudziwa kuti ana onsewa tikawakhazika, chaka chamawa dimba lifika kumtsinje?"

"Ndiye kuti ndinachita bwino?"

"Usayerekeze."

"Nenanso kuti Vi."

"Ukadzadzaza mbale."

Foni inalira m'thumba mwa Vitus. Anali bambo ake. Anayankha akumwetulirabe, koma kumwetulirako kunayamba kuzima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta.

"Eya, bambo... Liti?... Tonse?... Koma ine... Eya. Ndamva."

"N'chani?" anafunsa Stelia.

"Abwana aesiteti aitanitsa msonkhano. Akuti chaka chamawa salima fodya, abwereketsa malo kwa anthu a soya. Matenanti tonse tichoke m'nyumba. Lole yopita ku Phalombe inyamuka Loweruka." Anabweza foni m'thumba. "Ababa msana umawavuta, sangathe kunyamula ngakhale mpando, ndipo nyumba yakumudzi inagwa ndi mvula. Akuti woimanga ndine."

Stelia anayang'ana timaluwa tija, toyera, tating'ono, tofuna mwezi wathunthu. Dzanja lake linafinya la Vitus mpaka minga yotsalira inamulasa.

Kumpanda kunamveka kukhosomola. Gerald anali asanapite. Anali atakhala panjinga yake, jumbo ya masitiroberi ophwanyika ili pahandulo, akubwezera magalasi kumaso mosafulumira.

"Pepani, ndamva nawo mwangozi," anatero. "Lole imeneyo ndi ya achimwene anga. Usadandaule, munthu wozidziwa. Ndikusungira mpando wakutsogolo."

Vuuum.

Ndiye ndi zimenezo, aise. Uku makolo opanda denga, uku mbale yopanda zipatso, pakati mnyamata wa manja a minga. Ine ndaima pomwepa, chala chatopa. Iweyo ukanakhala Vitus, Loweruka likanakupeza pa lole kapena m'dimba? Ndipo atsikana, Stelia amuuze kuti chani? Lembani m'munsimu mmene mukanaimalizira inuyo. Koma amene alembe kuti Gerald ali ndi mfundo, ndikubwera kudzathena maluwa a pakhomo panu.